Za Mafupa a Zirombo Zamakedzana, ndi Mau Amene Tidabweza

Mwezi uno tifuna kukusimbirani nkhani imene idatichititsa manyazi ife eni ake, pakuti tidaphunzitsa ana anu chinthu chimene sitidachifufuze, ndipo patapita masabata angapo tidaimirira pamaso pa ana omwewo kubweza mau athu. Munthu amene wayamba imvi kubweza mau pamaso pa ana si chinthu chokoma iai. Koma popeza ambiri a inu mudamva theka la nkhaniyi pa chitsime ndi ku gombe, kuli bwino muimve yonse kwa ife.

M'mwezi wa October chaka chatha, dzuwa likuswa mtengo, tidapita ku msika wa pa boma la Mangochi kukagula mchere. Pafupi ndi ogulitsa usipa padaima mlaliki wina, munthu waulemu ndi wa mau okoma, alikuonetsa anthu chithunzi pa lamya yake ya m'manja. Pa chithunzicho padali kanthu kofiirira, konga kanyama kotsalira pa pfupa. Iye adati akatswiri a ku America adaswa pfupa la chirombo chimene iwo amati chidafa zaka mamiliyoni zapitazo, napezamo mitsempha yofewa. Tsono adafunsa anthu kuti: nanga nyama ikhala zaka mamiliyoni? Chambo chogwidwa m'mawa chifika madzulo chitanunkha. Chifukwa chake, adatero iye, akatswiriwo adzigwira okha bodza, ndipo dziko lapansi liri ndi zaka 6,000 zokha. Anthu adaomba m'manja. Ifenso mtima wathu udakondwa, poyesa kuti tatola chida chotetezera nacho chikhulupiriro, ndipo Lamulungu lotsatira tidafotokozera akalasi athu zonsezo monga tidazimvera, ngati kuti ziri m'katekisimu.

Pakati pa anawo padali mwana wa mlongo wathu, wa Fomu 4, amene timlipirira sukulu. M'kalasi sadanene kanthu. Koma madzulo, titatha kudya, adakhala pansi pafupi ndi mpando wathu nati: "Malume, pa mayeso ndikalembe ziti? Aphunzitsi a sayansi ati miyala ya dziko lino iri ndi zaka mamiliyoni, inu muti zaka 6,000. Ngati anama ndi aphunzitsi, ndiye kuti fizi yanu mulikuitaya m'madzi. Ngati ndinu mwalakwa, nanga zina zonse zimene mumatiphunzitsa m'tchalitchi ndizikhulupirire bwanji?"

Tidamuuza kuti akagone. Koma ife tulo sitidationa, chifukwa tidazindikira kuti tamuika mwanayo pa mphambano imene Eklezia sadamuikepo, ndi kuti mnyamata wanzeru wotere akasankha, adzasankha sukulu nasiya tchalitchi. Safunsa adadya phula. M'mawa mwake tidapita kwa Bambo Mfumu kukabwereka mabuku, ndipo masabata atatu tidali kuwerenga, ena m'mabuku, ena pa intaneti pamodzi ndi mnyamatayo. Zimene tidapeza ndi izi.

Zirombozo azungu azitchula ma dinosaur, ndipo si za kutsidya kwa nyanja zamchere kokha. Kumpoto kwa nyanja yathu yomweyi, ku Karonga, pa malo otchedwa Mwakasyunguti, mvula ikakokolola nthaka mafupa ao amaonekera. M'chaka cha 1924 mafupa ena adafika m'manja mwa Frank Dixey, mkulu wofufuza za miyala m'boma la Nyasaland, ndipo adalembedwa m'mabuku a akatswiri mu 1928. Mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake, pamodzi ndi mwana wa dziko lino Elizabeth Gomani, adachipatsa chirombocho dzina la Malawisaurus. Chidali chachitali khosi ndi mchira, choyenda ndi miyendo inai, chodya masamba, ndipo chidakhala zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mai Gomani omwewo adatchulanso china Karongasaurus mu 2005, ndi kang'ona kakang'ono ka nthawi yomweyo Malawisuchus. Amene mudafika ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004, mudachiona chifaniziro cha mafupa a Malawisaurus chitaima pakati pa nyumba.

Kuyambira kale akatswiri ambiri adali kuphunzitsa kuti mafupa otere asanduka mwala, ndi kuti chofewa chirichonse chidatha kalekale. Kuti mumvetse chimene chidawadabwitsa, dziwani kuti pfupa liri ndi zinthu ziwiri. China ncholimba, chonga njereza. China nchofewa, chonga ulusi wolukana, ndipo dzina lake ndi kolajeni. Amai mulichidziwa bwino chinthu chimenechi, ngakhale dzina lake nlachilendo: ndicho chimene chigwiranitsa msuzi wa mang'ina kapena wa mutu wa kampango ukagonera. M'kati mwa ulusiwo mupita timitsempha ta mwazi.

Tsono m'chaka cha 2000, ku Montana m'dziko la America, anthu a gulu la Jack Horner adapeza mafupa a chirombo cholusa chotchedwa Tyrannosaurus rex, cha zaka 68 miliyoni, pansi pa chiphompho cha mwala wa mchenga. Kumaloko kulibe mseu, ndipo mafupa adayenera kunyamulidwa ndi helikopita. Koma mtolo umene mudali pfupa la ntchafu udalemera kopambana, kotero kuti adauswa pakati. Onani mmene zinthu ziyendera: akatswiri adali kusunga mafupa otere ngati mazira, osalola munthu kuwaswa wamba, ndipo chifukwa cha kusamalako adali ochepa oyang'ana m'kati. Zidutswa za pfupa loswekalo adazitumiza kwa mai wina wophunzira, Mary Schweitzer. Iye ndi womthandiza wake adaziviika m'mankhwala osungunula cholimba cha m'pfupa. Akadakhala mwala wokhawokha, sipakadatsala kanthu. Koma padatsala kanthu kofewa, kotanuka akakakoka ndi kubwerera akakasiya. Ndipo poyang'ana ndi galasi lokuza zinthu adaona timachubu ta nthambinthambi tonga mitsempha, m'kati mwake muli timadontho tofiira. Adabwereza kawirikawiri asanakhulupirire maso ao, nalengeza zimenezi mu 2005. M'pfupa lomwelo adapezanso mtundu wa pfupa umene umamera m'kati mwa mafupa a mbalame yaikazi pa nyengo yoikira mazira yokha. Ndiye kuti chirombocho chidali chachikazi, ndipo chidafa chiri pafupi kuikira.

Pamenepa mlaliki uja sadaname: chofewa chidapezekadi. Tichite naye chilungamo.

Komanso musayese kuti akatswiri onse adabvomera msanga. Mu 2007, pamene anzake a Schweitzer adati apeza tizidutswa ta kolajeni tofanana ndi ta nkhuku, ena adakana. Mu 2008 Thomas Kaye adati timachubuto si mitsempha konse, koma ndere za tizirombo tosaoneka ndi maso timene tidalowa m'mabowo a pfupa, monga ndere zimera m'mpope wa madzi. Enanso pambuyo pake adati kolajeniyo idachokera ku mafupa a nthiwatiwa amene adagwiritsidwa nchito m'nyumba yoyesera yomweyo. Schweitzer adayankha ndi kukumba pfupa lina mwaukhondo, la chirombo chodya masamba cha zaka 80 miliyoni, napezamonso zomwezo mu 2009. Mu 2015 akatswiri a ku London adayesa tizidutswa ta mafupa wamba timene tidakhala m'kabati zaka pafupi 100, naonamo ulusi wonga kolajeni. Lero ambiri abvomera kuti zotsalira zotere ziripo, ngakhale akali kutsutsana za kuchuluka kwa chimene chiri chenicheni cha chirombocho. Ife tidakondwa kuona anthu akutsutsana chotero, aliyense kuyesa nchito ya mnzake. Ndi mmene akulu a pa bwalo amazengera mlandu, osagamula pa mboni imodzi.

Tsono tifike pa mtima wa nkhani. Munthu akapeza chofewa m'pfupa limene amati nlakalekale, pali njira ziwiri zoganizira. Kapena pfupalo si lakale monga amanenera. Kapena zofewa zikhoza kukhalitsa kuposa mmene tidali kuyesera. Mlaliki uja adatchula njira yoyamba yokha, ndipo ife tidamtsata osaona kuti yachiwiri iripo. Chotichititsa manyazi nchakuti yankho lake tidali nalo pakhomo pathu. Chambo chinunkha madzulo, inde, chikasiyidwa m'bwato. Nanga chambo chomwecho chikang'ambidwa ndi kuwambidwa pa moto, sichifika ku Lilongwe nichikhala masabata? Nanga usipa wofutsa ndi kuyanika pa thandala, nanga mfutso wa nkhwani umene amai atulutsa m'chikwatu m'mwezi wa October, nanga chikopa cha ng'oma imene adasema agogo athu nichilirabe? Mwana aliyense wa ku Makawa kapena ku Malembo adziwa kuti kuola kwa nyama sikuwerengedwa ndi masiku okha, koma ndi mmene nyamayo yasungidwira. Munthu amene aona nsomba yosaola nanena kuti yagwidwa lero lomwe, ameneyo ndi mlendo kunyanja, ndipo ogulitsa amdyera.

Funso la akatswiri lidali lakuti: nchiyani chidawamba nyama ya chirombocho? Schweitzer adaona kuti pa mitsemphayo padamatirira timibulu ta chitsulo. Chitsulo chiri m'mwazi wa nyama zambiri, ndicho chiufiiritsa. Nyama ikafa chitsulocho chimasuka, nichimanga ulusi wa mnofu mfundomfundo, monga utsi uchita ndi nsomba, kotero kuti tizirombo toolesa tisowa poluma. Mu 2013 adayesa ganizoli ndi mitsempha ya nthiwatiwa. Ina adaiviika m'madzi wamba, ndipo idayamba kuonongeka patapita masiku atatu. Ina adaiviika m'madzi ofiira otengedwa m'mwazi, ndipo idakhala zaka ziwiri m'chipinda wamba ikali yooneka bwino. Mu 2018 Jasmina Wiemann ndi anzake a ku Yale adaonjeza china: adapeza kuti zotsalirazo zidasandulika, monga nsima isandulika nkhoko pansi pa mphika, kukhala chinthu chofiirira chosasungunuka m'madzi, chimene tizirombo sitichikhumba, ndi kuti izi zichitika makamaka m'mafupa okwiririka mu mchenga. Mafupa a ku Karonga nawonso adakwiririka mu mchenga wa mitsinje yakale.

Pamenepa mnyamata wathu adatidula mau nati: "Malume, zaka ziwiri si zaka 68 miliyoni." Adanena zoona, ndipo eni ake a nchitoyo sabisa zimenezo, kuyesako kudangoonetsa njira, sikudayende ulendo wonse. Koma tidamuonetsa chinthu china chimene chidatikhutiritsa ife kuposa zonse. Ku Siberia, m'nthaka youma ndi chisanu, anthu amafukula njobvu zaubweya za zaka zoposa 30,000, zikali ndi nyama yeniyeni, chikopa ndi ubweya. Ndipo m'menemo akatswiri amawerenga DNA, chinthu chija chimene chisunga malangizo a mtundu wa cholengedwa chirichonse. M'mitembo ya Aejipito a zaka zikwi zingapo amaipezanso. DNA yakale koposa yonse imene idawerengedwa, ya m'nthaka ya ku Greenland, mu 2022, iri ndi zaka pafupi 2 miliyoni. Koma ya dinosaur palibe adaiwerenga ndi mmodzi yemwe. Zirombozo zikadafa zaka 6,000 zapitazo, DNA yao ikadapezeka monga ipezeka ya njobvu zija, ndipo chofewa chikadatuluka m'mafupa ao chochuluka ndithu. M'malo mwake chipezeka ndi tizidutswa tosaoneka popanda galasi, tosandulika, totuluka pokhapokha mwala utasungunulidwa ndi mankhwala. Chithunzi chija cha pa lamya chidali chokuzidwa kwambiri. Ife pa msika tidayesa ndi nthuli yoti munthu nkuotcha.

Ndipo zaka za miyala siziwerengedwa ndi nyama iai. Ziri ndi mboni zao. Mapiri ophulika moto amalavula phulusa, ndipo m'phulusamo muli timiyala tokhala ndi yureniyamu, imene pang'onopang'ono isanduka mtovu pa liwiro losasintha: theka lake litha pa zaka pafupi 4,500 miliyoni. Ziri ngati mtsuko wodontha dontho limodzi pa mphindi: ukayesa madzi otsala m'kati ndi madzi ogwera m'mbale, udziwa nthawi imene udadzazidwa. Mafupa akagona pakati pa phulusa la pansi ndi phulusa la pamwamba, zaka zao ziri pakati pa ziwirizo. Nyanja yathu nayo ndi mboni. Mu 2005 akatswiri adaboola pansi pake ali pa chombo, natulutsa matope a mamita pafupi 380, oyalana chaka ndi chaka kwa zaka zoposa miliyoni imodzi. Matopewo adaonetsa kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kudagwa chilala choopsa, nyanja nitsika mamita mazanamazana. Ndiye kuti kuno kwathu kumene mukoka makoka kudali mtunda wouma. Nyanja yokhayo, imene ndi khanda poyerekeza ndi mafupa a ku Karonga, yaposa kale zaka 6,000 kutalitali.

Nanga chiwerengero cha 6,000 chidachokera kuti? M'Malembo Oyera mulibe. Adachiwerengera ndi anthu, poonkhetsa zaka za makolo olembedwa m'Chipangano Chakale. Wodziwika koposa ndi James Ussher, episkopi wa mpingo wa Anglican ku Ireland, amene mu 1650 adalemba kuti dziko lidalengedwa m'chaka cha 4004 Ambuye asanabadwe. Adali munthu wophunzira, nachita monga adathera ndi nzeru za masiku ake. Koma Eklezia Katolika sadaike chiwerengero chimenecho pakati pa zoyenera kuzikhulupirira, ndipo ife, amene tidakhala pa benchi ya ku seminale zaka zingapo, tidayenera kukumbuka. Tidayeneranso kukumbuka Augustino Woyera, Mwafrika mnzathu wa ku Hippo, amene adamwalira mu 430, yemwe tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu ya Mangochi chidatenga dzina lake. Iye adaona kuti m'buku la Genesis dzuwa litchulidwa pa tsiku lachinai, nafunsa kuti masiku atatu oyamba, opanda dzuwa, adali masiku otani. Adachenjezanso akhristu kuti asamanene zopanda pake za dziko, nyenyezi ndi nyama, namati ndi mau a Malembo. Pakuti wakunja wodziwa zinthuzo akamva, adzaseka Malembowo, ndipo sadzamveranso pamene anena za moyo wosatha. Powerenga chenjezolo tidaona nkhope ya mwana wa mlongo wathu.

Bambo Mfumu adatikumbutsanso za Nicolas Steno wa ku Denmark, amene mu 1669 adayamba kufotokoza kuti miyala iyalana monga matope, wapansi ndiye wamkulu, wapamwamba ndiye mng'ono. Munthu ameneyo adalowa Eklezia, nakhala wansembe ndi episkopi, ndipo Papa Yohane Paulo II adamutcha Wodala mu 1988, chaka chimodzi asanafike kuno ku Malawi. Mary Schweitzer mwini wake ndi mkhristu, ngakhale si wa mpingo wathu. Paubwana wake wa m'chikhulupiriro nayenso adali kuyesa kuti dziko nlatsopano, mpaka adaphunzira za mafupa. Wanena poyera kangapo kuti zimamuwawa kuona akhristu anzake akupotoza nchito yake kuti inene chimene siinena.

Tisanapite kukabweza mau, mnyamata uja adatipempha kuti tiyese tokha. Tidatenga pfupa la mwendo wa nkhuku imene tidadya Lamulungu, kulitsuka, ndi kuliika m'botolo la viniga. Mai a kunyumba adadandaula za viniga wao, ndipo adali ndi chifukwa. Tsiku lirilonse mnyamatayo adali kulivundukula, ife nkumuuza kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Patapita sabata ndi masiku angapo adalitulutsa: maonekedwe ake adali a pfupa ndithu, koma lidapindika pakati pa zala zake ngati mpira, osathyoka. Cholimba chidasungunuka, ulusi udatsala. Tidamuuza kuti la nkhukuli ndi la dzulo, ndipo silitsimikiza kanthu za zaka mamiliyoni. Lingoonetsa chimene mai uja adali kufunafuna m'pfupa lake. Iye adati adziwa, koma kuti aona ndi maso nkwabwino.

Lamulungu lotsatira, itatha Misa, tidasonkhanitsa akalasi pansi pa mtengo wa mango, ndi makolo ena amene adamva mphekesera adakhalira kumbuyo. Tidati: "Ana inu, zija tidakuuzani za zaka 6,000 tidalakwa, tidazitola pa msika osazifufuza. Chofewa chidapezekadi m'mafupa, koma sichichepetsa zaka za dziko. Za m'katekisimu ndi izi: kuti Mulungu ndiye adalenga zonse, zooneka ndi zosaoneka. Kuti adatenga zaka zingati, zimenezo kafunseni miyala ndi aphunzitsi anu a sayansi." Pfupa lopindika lidayenda dzanja ndi dzanja, atsikana akukuwa polikhudza.

Agogo ena aamuna, msodzi wakale amene maso ake adayamba kuchita khungu, adalipapasa nthawi yaitali, nafunsa kuti: "Aphunzitsi, kodi mwati chirombo chija chidali ndi mazira m'mimba?" Tidati chidali pafupi kuikira, agogo. Iwo adapukusa mutu nati: "Chisoni. Chambo chamazira ife tidali kuchibwezera m'madzi."

Mnyamata wathu adalemba mayeso ake. Pfupa lija adalisunga m'chitini cha zolembera, ndipo lauma tsopano, lalimbanso pang'ono. Watipempha kuti tikakolola timpatse ndalama ya basi ya ku Karonga, akaone Malawisaurus ndi maso ake. Tamuuza kuti tiona mmene chimanga chichitire, pakuti ulendowo ngwautali, ndipo kubwerera kwakenso nkolipira.